Mbale za Labala za Galimoto ya a Chirambo

Phokoso lake linali limodzi lokha: gu, pansi pa mipando, galimoto ikangoyamba kuyenda. Silinali lalikulu. Munthu wokonda kucheza m'galimoto sakanalimva n'komwe. Ine ndinalimva ndili m'shedi yanga pa Rumphi, m'mawa wa Lachiwiri, a Chirambo akubweza galimoto yawo kuti ilunjike padzenje lokonzerapo. Ndinaika pansi sipanala imene inali m'manja mwanga.

Adzukulu anga inu, a Chirambo simunawaone. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wovala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Kwawo kunali ku Hewe, koma ankakhala pa boma ndi akazi awo, amama NyaMhango. Galimoto yawo inali yakale, yaitali, ya dizilo, ndipo anaigula kwa mzungu wina wa ku mishoni amene ankabwerera kwawo. Ankaisamala ngati mwana wachisamba. Loweruka lililonse ankavula jekete, n'kuyala chiguduli, n'kulowa pansi pake ndi chitini cha oyilo wakuda ndi burashi, kupaka zitsulo zonse kuti zisachite dzimbiri.

Tadala, tayamba waika foniyo pansi, pakuti apa pokha ndi pofunika kumvetsa. Magalimoto ambiri a masiku ano, ngati ya bambo ako, amakoka ndi matayala akutsogolo. Akale aja injini inkakhala kutsogolo koma okankha anali matayala akumbuyo. Pakati pake pankadutsa chitsulo chachitali chozungulira, shafiti, kuchokera ku giyabokosi kukafika ku difu, yozungulitsa matayala akumbuyowo. Kumapeto onse awiri a shafitiyo kunkakhala mbale ya labala, yaikulu ngati kambale ka ndiwo, yochindikala ngati zala ziwiri, ya mabowo asanu ndi limodzi. Mabawuti atatu ankagwira mbali ya giya, atatu mbali ya shafiti, mosinthanasinthana. M'kati mwa labalamo munali ulusi wolimba. Ntchito ya mbaleyo inali kumeza kugwedeza konse, kuti chitsulo chisamenyane ndi chitsulo chinzake. Ikang'ambika galimoto ili pa liwiro, shafiti imamasuka n'kuyamba kukwapula pansi pa mipando, mwinanso kuzika mutu m'nthaka. Ndinaonapo zimenezo kamodzi pa chitsikiro cha Chiweta, ndipo sindifuna kukufotokozerani mukudya.

Anyamata a lero amalumikiza kompyuta kuti iwauze pamene pakudwala. Ife tinkalowa m'dzenje ndi nsanza ndi chitsulo chomasulira tayala. Unkapukuta mbaleyo, n'kuyang'ana ming'alu m'mphepete mwa mabowo, n'kuona ngati ulusi watulukira kunja ngati ndevu. Kenako unkapotokola shafiti ndi manja, uku ndi uku, n'kumvetsera. Ntchito imeneyo inkandiyenera, chifukwa ine kuyang'ana ndinakuphunzira ndisanaphunzire kulankhula.

Mukudziwa kuti ndinabadwira ku Dedza, ndipo amayi anga anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo. Anandilera agogo anga, mayi wamfupi, waukali, wokoka fodya wamphuno. Sanali munthu wa nthano. Ankandipatsa chakudya, kundimeta ndi lumo, n'kundiuza kuti ndisayambe milandu pakhomo pa amalume. Pakhomo pamenepo mphika ukasweka maso onse ankatembenukira kwa mwana wamasiye. Ndiye ndinazolowera kuona zinthu msanga, n'kukhala chete. Ndikalakwa sindinkavomera, sindinkakananso. Ndinkangodikira kuti nkhani idutse. Khalidwe limenelo linandipulumutsa ku zikwapu zambiri, ndipo ndinakula nalo ndikuliyesa nzeru.

Kumpoto kuno ndinabwera ndi ntchito ya boma, yokonza malole ndi magiredala. Ndinafika ndisakudziwa ngakhale kuyankha monire, moni wa Chitumbuka. Agogo anu aakazi ndi amene anandiphunzitsa, ndipo mpaka lero amati Chitumbuka changa chimayenda chotsimphina. Kugalaja ya bomako tinali ndi mwambo wathu: lole ikatsukidwa tinkaipopera oyilo wakale kunsi konse, kuti masipuling'i asalire ndiponso dzimbiri lisagwire. Malole amenewo analibe mbale za labala. Mashafiti awo ankalumikizana ndi zitsulo zokhazokha, zimene zimakondwa ndi mafuta. Zipani zitachuluka, ntchito zambiri za boma zinatha, yanganso inathera pomwepo. Ndinamanga shedi ya malata akale, n'kukumba dzenje ndekha. A Chirambo anali m'gulu la anthu oyamba kundibweretsera galimoto. Tsiku loyamba lomwelo, pofuna kuoneka wodziwa, ndinawauza za oyilo wakuda uja. Anatulutsa kabuku m'jekete n'kulemba. Munthu wa sukulu akalemba chinthu, ndiye kuti chakhala lamulo.

Tsono Lachiwiri limenelo anatsika m'galimoto osavula chipewa, osafunsa za ana monga ankachitira. Ndinali ndikudziwa kuti amama NyaMhango ali m'chipatala kuyambira mvula isanathe.

"A Mbewe," anatero, "madokotala atiuza kuti palibenso chimene angachite. Amama akufuna kukaya, kumudzi kwathu. Akufuna akafike akuona."

Anandifotokozera kuti anayesa kufunafuna galimoto ina. Chinali chaka cha chisankho, mwezi wa Meyi, ndipo mapikapu onse a matola anali atakutidwa nsalu za zipani, akututa anthu kupita kumisonkhano. Malole anali pa mabelo a fodya. Ndiponso munthu wodwala chotero sungamugoneke pamwamba pa matumba, pamphepo yozizira yotsika ku Nyika. Panatsala galimoto yawo yomweyo, imene inali itayamba kulira kwa milungu iwiri.

Pamene ankalankhula ndinakumbuka agogo anga. Iwonso anadwalira m'chipatala, ine nditangoyamba ntchito ku Lilongwe. Anandigwira malaya n'kunena kuti ndiwatengere kumudzi. Pantchitopo panali magalimoto oima ambirimbiri, koma ndinaopa kupempha kapitawo. Ndinadikira tsiku labwino loti ndikalankhule. Anamwalira pabedi la chitsulo, pakati pa anthu osawadziwa, ndipo kumudzi anapita m'bokosi.

Ndinalowa m'dzenje. Mbale yakutsogolo inali itatha. Ming'alu inali paliponse, ulusi uli panja, ndipo bowo limodzi linali litakula mpaka bawuti inkasewera m'kati. Yatsopano kunalibe. Masitolo a ku Mzuzu anali atadzaza ndi zipangizo za magalimoto a ku Japan amene anayamba kulowa ambiri masiku amenewo. Za galimoto ngati imeneyi unkachita kuitanitsa ku Blantyre n'kudikira milungu. Ndinawauza a Chirambo kuti ndiyesa kupanga ndekha, koma sindinayambe ndapangapo.

Ndinapita kwa mwini chigayo wina, mnzanga, amene anali ndi lamba wakale atapachika kudenga. Malamba a zigayo za dizilo a nthawi imeneyo anali otambalala, a nsalu yolimba yosanjikizana ndi labala, osati tizingwe ta lero. Atamva kuti ndi wa amama NyaMhango, anautsitsa yekha n'kukutumula gaga.

Ndisanamasule chilichonse ndinakanda chizindikiro pa shafiti ndi pa giya, kuti zidzabwerere monga zinalili. Mukaiwala zimenezo galimoto imanjenjemera moyo wake wonse. Kenako ndinaika mbale yakale pa lamba n'kuzunguliza ndi msomali. Ndinadula zidutswa zinayi ndi mpeni umene ndinasula kuchokera ku sowo yodulira zitsulo. Pozisanjikiza ndinapingasa ulusi wake, china choloza uku, china uko, monga aluka mphasa. Mabowo ndinaboola ndi kapaipi konola ndi hamala, pa chipika cha muwanga. M'mbale yakale ndinachotsa timapaipi tachitsulo todutsamo mabawuti, n'kutikhomera m'mabowo atsopano. Pakati pa zidutswazo ndinapaka sulushoni womatira machubu, n'kuzipana pa vayisi kuti zigwirane. A Chirambo anakhala pa tayala lakale nthawi yonseyo, chipewa pabondo. Dzuwa litapendeka pang'ono, mbale inali itauma, ndipo ndinalowa nayo m'dzenje.

Nditamanga mabawuti, ndinayenda chowerama kupita kumbuyo kukaona mbale inayo. Inkaoneka bwino zedi, yakuda, yonyezimira, yopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Ndikanatha kutuluka pomwepo. Koma dzanja langa linapita lokha, ndipo chala chachikulu chinalowa mu labalamo ngati mu nthochi yakupsa. Nditalowetsa chitsulo n'kukankha pang'ono, timapaipi tonse tinasuntha. Ndinanunkhiza chala changa. Anali oyilo.

Oyilo amadya labala pang'onopang'ono, kuyambira kunja kulowa m'kati. Zimenezo ndinkazidziwa pa mapaipi a madzi ndi pa matayala, koma pa mbale izi sindinaganizepo. Zaka zonse zija, Loweruka lililonse, munthu uyu ankapaka burashi yake pamenepa chifukwa ine ndinamuuza. Yakutsogolo inayamba kung'ambika chifukwa ili pafupi ndi kutentha. Yakumbuyo inali kungodikira chitunda choyamba.

Pamwamba a Chirambo anali ataimirira kale. Anali atatuma uthenga kuchipatala kuti amama awakonzekeretse, ndipo ankawerengera kuti tikanyamuka nthawi yomweyo tikafika ku Hewe dzuwa lisanalowe. Ndinatuluka n'kuwauza kuti yakumbuyonso iyenera kusinthidwa, ndipo ulendo ukhale wa mawa m'mawa.

Sanakalipe, koma nkhope yawo inauma. Anati phokoso linkachokera kutsogolo, ndipo kutsogoloko ndakonza. Anawerama okha n'kusuzumira, n'kunena kuti mbale yakumbuyo ikuoneka ngati yatsopano. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti anamwino awauza kuti za mawa sangalonjeze. Anafunsanso kuti chingaononge mbale ziwiri nthawi imodzi n'chiyani, pa galimoto yosayenda maulendo ataliatali, yosamalidwa ngati imeneyo.

Wongani, iwe amene umati agogo salankhula, mvera. Pamenepo njira yanga yakale inali yotseguka. Ndikanati chabwino, pitani. Phokoso linali litatha. Shafiti ikanakamasukira kutchire, aliyense akanati galimoto inali yokalamba, ndipo palibe akanandiloza chala. Koma mayi uja akanafera m'mphepete mwa msewu, pafumbi, pakati pa boma ndi kwawo. Ndipo a Chirambo sakanalola kudikira popanda chifukwa chomveka. Chifukwacho chinali chimodzi chokha.

"Adada," ndinatero, "ndi oyilo uja. Amaoletsa labala. Ndinakuuzani ndine, ndipo ndinalakwitsa. Mbale zonse ziwiri zaola chimodzimodzi, kungoti iyi sinayambe kulira."

Ndinawagwira dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kutsika nawo m'dzenje ndi jekete yawo yomweyo. Ndinaika chala chawo pa mbaleyo. Anadina. Anayang'ana chala chawocho kwa kanthawi.

"Amama ndi amene ankandisungira zitini," anatero motsitsa mawu. "Ankati galimoto ndi mkazi wanga wachiwiri."

Anatuluka, napukuta chala pa udzu, nati nkhani ya kudikira si yawo, ndi ya mwini wake wa ulendowo. Anapita kuchipatala wapansi. Ine ndinayamba kumasula mbale yakumbuyo ndisanadziwe yankho.

Anabwerako ndikudula chidutswa chachitatu. Anaima pakhomo la shedi n'kunena uthengawo monga anaulandirira.

"Akuti a Mbewe asathamange. Akuti galimoto imeneyi akhala akuidikira Loweruka lililonse, tsiku limodzi silingawavute."

M'mawa mwake ndinafika pashedi kusanatenthe. Ndinatsitsa galimoto pa jeke, pakuti mabawuti amenewa umamaliza kulimbitsa galimoto itaima pa matayala ake. Kenako ndinaima panja n'kumayang'ana njira yochokera kuchipatala. Ndinkadziwa kuti ngati amama akadali moyo ndidzadziwira pa kayendedwe ka a Chirambo. Patapita nthawi ndinaona munthu wamtali akubwera mofulumira, atakwapatira pilo ndi bulangete. Amama anali akadali moyo, ndipo ndinakhala pachipika paja.

A Chirambo sankalola munthu wina kugwira chiwongolero chawo, koma tsiku limenelo anandiuza kuti ndiyendetse ndine. Iwo anakhala kumbuyo, mutu wa amama uli pamiyendo pawo. Amama anali atachepa kwambiri. Mayi amene ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi mpaka malata kunjenjemera, anamwino awiri anamunyamula ngati mtolo wa udzu. Anandiyang'ana n'kukweza zala pang'ono. Ndinagwada pafupi ndi chitseko n'kuwomba m'manja.

Msewu wa ku Hewe inu mumauona lero mukudandaula. Nthawi imeneyo mvula ikangotha unkakhala ndi ngalande zoti mbuzi ikhoza kubisalamo. Mbale zanga sizinali zolingana bwino ngati za kufakitale, ndipo ndikangoonjeza liwiro galimoto yonse inkayamba kunthunthumira. Ndiye tinkayenda pang'onopang'ono, pa giya yachiwiri, nthawi zina yachitatu. Anthu a njinga ankatipitirira, ena atanyamula nkhumba kumbuyo, n'kumatembenuka kutiyang'ana.

Titadutsa Bolero ndinaima, n'kuyala thumba, n'kulowa pansi. Mbale zinali zofunda koma osati zootcha. Nati imodzi inali itamasuka pang'ono, ndinailimbitsa. Ndili pansi pomwepo ndinamva nyimbo ndi hutala. Inali lole yodzaza ndi anthu a chipani china, akupita kumsonkhano. Inaima chifukwa msewu unali wopapatiza, ndipo anyamata a pamwamba anayamba kutiseka. Wina anakuwa kuti galimoto imeneyo ndi ya nthawi ya chipani chimodzi, tiikankhire kumanda. Kenako mayi wina pakati pawo anasuzumira pawindo lathu, natembenuka, nalankhula mawu ochepa m'Chitumbuka. Nyimbo inaleka. Dalaivala wawo anadutsa mwapang'onopang'ono kuti asatiwazire fumbi, ndipo anakayambiranso kuimba atafika patali.

Ndinaimanso kawiri, ndipo zonse zinali bwino. Vuto linabwera titayandikira, pa chitunda china chotsatira kamtsinje kouma. Ndinamva kanthu kakukwapula pansi, pha pha pha, kumbuyo. Ndinazimitsa injini, n'kuika miyala kumatayala. Chidutswa chakunja cha mbale yakumbuyo chinali chitamatuka, chifukwa madzulo aja ndinaimanga sulushoni wake asanaume mokwanira, ndipo chinang'ambika pa mabowo awiri. Ndinachidula ndi mpeni, n'kulimbitsanso manati onse. Panatsala zidutswa zitatu. Ndinazigwira, kuzikankha, kuzipotokola. Sindinadziwe ngati zipirira.

Nditatuluka a Chirambo anandiyang'ana pawindo. Ndinawauza zimene ndinapeza, osachotsapo kanthu, ndipo ndinati sindingalonjeze. Amene anayankha ndi amama, maso ali otseka. Anati titsegule mawindo onse, akumva fungo la zigafa za fodya za kwawo, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale pa machira akhoza kufika. Ndinaliza injini, n'kusiya kilachi pang'onopang'ono ngati ndikuika dzira pansi. Tinakwera chitundacho pa giya yoyamba. Sindinapume bwino mpaka titafika pamwamba.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Azimayi anatuluka m'nyumba akuthamanga, ena atayamba kale kugwira kumutu, poganiza kuti tabweretsa maliro. Amama anatsegula maso, nayang'ana bwalo lawo, nafunsa kuti ndani wamanga mbuzi pa mtengo wawo wa malalanje. Mbuzi inachotsedwa msangamsanga. Anawanyamula n'kuwagoneka pakhonde, pamphasa, nkhope italoza kumapiri. Ine anandipatsa madzi osamba m'manja ndi chakudya, ndipo ndinabwerera pa boma madzulo omwewo pamwamba pa lole ya fodya.

Amama anakhala ndi moyo masiku asanu ndi anayi. Ana awo a ku Lilongwe ndi ku Karonga anafika onse n'kuwapeza akulankhula. Kumaliro ndinapita pa njinga. Anthu anali ochuluka kwambiri, ndipo ndinaima kumbuyo pamodzi ndi okumba manda. A Chirambo sindinalankhule nawo. Ndinaona galimoto itaima pansi pa mtengo, ataifunditsa lona, nkhuku zikupalasa pansi pake. Pa boma sinabwerenso.

Mwezi wa Julayi, mphepo ikuwomba fumbi m'shedi, ndinali m'dzenje pansi pa minibasi ina pamene ndinaona nsapato zakuda zopolishidwa zitaima m'mphepete. Ndinatuluka. Anali a Chirambo, ataonda, jekete ikuwalendewera m'mapewa. Ndinawakokera tayala kuti akhale, koma anakana, anati matola obwerera ku Hewe akudzaza kale. Tinafunsana za moyo mwachidule. Kenako anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa kamtolo ka nsalu yoyera, komanga mfundo ziwiri. Ndinapukuta manja pa ovolosi n'kulandira ndi manja awiri. Munali nyemba, zofiira zamawangamawanga, zokwana mbale imodzi.

"Amama anasankha okha palichero, imodziimodzi, tsiku lachitatu chifikireni," anatero. "Anati izi ndi za a Mbewe. Akabzale, asadye."

Ndinafuna kulankhula, koma iwo anali atavala kale chipewa.

"Yewo chomene," anatero pothokoza, natembenuka, natsika ndi msewu wopita kudepoti.